Masiku Othandizana pa Mapulogalamu Otseguka a Kompyuta: Kakonzedwe Kake ndi Kasankhidwe ka Dzina

Kompyuta yafika m'malo ambiri amene kale munkapezeka kope ndi cholembera basi. Mlembi wa kopaletivu ya alimi amasungiramo mayina a mamembala ndi chiwerengero cha matumba amene aliyense wapereka. Mwini golosale amalembamo katundu wolowa, wotuluka ndi ngongole za makasitomala. Msungichuma wa gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama amawerengeramo magawo a anzake. Kompyuta yotere ikavuta, ntchito ya anthu ambiri imaima, ndipo kawirikawiri mwiniwake amasowa woti amufunse.

M'mayiko osiyanasiyana, anthu ogwiritsa ntchito mapulogalamu otseguka ali ndi mwambo wopatula tsiku lokumana pamalo amodzi, pomwe odziwa amathandiza osadziwa popanda malipiro. Nkhani ino ikufotokoza mmene tsiku lotere limakonzedwera ndi mmene dzina lake limasankhidwira. Yalembedwera magulu amene akufuna kukonza tsikuli komanso alimi, amalonda ndi anthu onse amene angaitanidweko. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti dzina lolembedwa pa chikalata choitanira anthu ndi lonjezo, ndipo okonza ayenera kulonjeza zokhazo zimene angathe kuchita popanda kuika pachiswe zolemba za anthu obwerawo.

Mapulogalamu otseguka n'chiyani?

Pulogalamu iliyonse ya kompyuta imayendera malangizo amene akatswiri analemba. Makampani ambiri amabisa malangizowo, ndipo wogula amangopatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamuyo pamakina ake. Pulogalamu yotseguka ndi imene malangizo ake ali poyera, ndipo chilolezo chake chimalola munthu aliyense kuigwiritsa ntchito, kuiphunzira, kuisintha ndi kugawira ena. Woikopera mnzake pa fulashi saphwanya lamulo. Izi n'zosiyana ndi kukopera pulogalamu yogulitsa popanda chilolezo, kumene kumatsutsana ndi malamulo oteteza umwini wa ntchito zaluso.

Ganizoli linakhazikika mu 1983 pamene Richard Stallman wa ku United States anayambitsa ntchito yotchedwa GNU. Mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland, anatulutsa Linux, imene ndi phata loyendetsa kompyuta yonse. Lero mafoni a Android amayendera phata lomwelo. Mapulogalamu ena odziwika a mtundu umenewu ndi Firefox yoyendera pa intaneti, VLC yoonerera makanema, ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama. Ngakhale DHIS2, imene zipatala za m'Malawi muno zimatumizira ziwerengero zaumoyo, ndi pulogalamu yotseguka imene ntchito yoikonza imatsogoleredwa ndi University of Oslo ku Norway.

Mapulogalamuwa alibe sitolo pamsika paliponse pomwe wogula angabwerere kukadandaula. Thandizo lake limachokera kwa ogwiritsa ntchito anzawo, ndipo n'chifukwa chake masiku othandizana ali ofunika.

Kumene mwambowu unachokera

M'zaka za m'ma 1990 kuika Linux pa kompyuta kunali kovuta, ndipo intaneti inali yochedwa ndi yodula. Magulu a ogwiritsa ntchito Linux anayamba kubwereka zipinda m'masukulu ndi m'mayunivesite n'kuitana anthu kuti abwere ndi makompyuta awo. Misonkhanoyi inadziwika ndi dzina lachingerezi lakuti installfest, kutanthauza chikondwerero choikirana mapulogalamu.

Pambuyo pake kunabadwa masiku ochitikira pamodzi m'mayiko ambiri. Software Freedom Day, tsiku lokumbukira ufulu wa mapulogalamu, linachitika koyamba mu Ogasiti 2004, ndipo masiku ano limakhala Loweruka lachitatu la mwezi wa Seputembala. Ku Latin America kuli FLISOL, imene inayamba mu 2005 ndipo imachitika Loweruka lachinayi la mwezi wa Epulo m'mizinda yambiri tsiku limodzi. Ku Amsterdam, mu 2009, Martine Postma anayambitsa Repair Café, malo amene anthu amabweretsa zipangizo zowonongeka n'kuzikonza mothandizana ndi anthu odzipereka, ndipo mwambowu wafalikira m'mayiko ambiri.

Nkhaniyi yakulanso chifukwa cha Windows 10. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kupereka thandizo lanthawi zonse la pulogalamuyi. Kompyuta yokhala ndi Windows 10 imayakabe ndi kugwira ntchito, koma silandiranso zokonza zachitetezo zimene zimatseka mipata yolowera akuba a pa intaneti, kupatula ngati mwiniwake analembetsa m'ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi. Makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11 chifukwa imafuna zida zatsopano m'kati mwa makina, monga kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Pa chifukwa chimenechi, mu 2025 magulu a mapulogalamu otseguka anayambitsa kampeni yotchedwa End of 10, yosonyeza anthu malo ndi masiku amene angathandizidwe kuika Linux mmalo motaya kompyuta yoti ikadali yabwino.

Dzina limauza munthu choti ayembekezere

Munthu amaganiza zobwera kapena kusabwera akangomva dzina, asanawerenge zina zonse za pa chikalata. Mayina amene tatchulawa ali ndi phunziro. Dzina lakuti installfest limamveka msanga kwa odziwa kale makompyuta, koma munthu amene sanamvepo za Linux silimuuza kanthu. Limaperekanso chithunzi chakuti ntchito ya tsikulo ndi kuika pulogalamu yatsopano basi, pamene wina wangobwera kuti afunse chifukwa chake makina ake osindikizira sakugwira. Dzina lakuti Repair Café linafalikira mosavuta chifukwa limatchula ntchito imene aliyense amaidziwa pamodzi ndi malo amene munthu amakhala womasuka.

Eni mapulogalamuwa anavutikanso ndi dzina. Mawu achingerezi akuti free amatanthauza zinthu ziwiri, ufulu ndi ulere, ndipo anthu ambiri ankamva za ulere zokha. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mu 1998 Christine Peterson anaperekera dzina lina lakuti open source. Olankhula Chisipanishi alibe vutoli popeza ali ndi mawu awiri, libre ndi gratis, ndipo FLISOL inasankha loyambalo. Chichewa nachonso chimasiyanitsa bwino ufulu ndi ulere, choncho okonza asasokoneze mawu awiriwa.

Pali dzina lina limene anthu a kuno sangavutike kulimva. Mu Okutobala 2004, kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inatulutsa mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu, mawu a Chizulu ndi Chixhosa ofanana ndi umunthu m'Chichewa. Dzinali linanena za khalidwe la anthu ake mmalo mwa zida za m'makina, ndipo linakumbukika mosavuta.

Posankha dzina la m'Chichewa, okonza aganizire zimene liwu lililonse limadzutsa m'maganizo a anthu a m'dera lawo. Chikalata chokhala ndi mawu akuti "zaulere" pafupi ndi mawu akuti "makompyuta" chikhoza kubweretsa khamu loyembekezera kulandira makompyuta. Mawu akuti "maphunziro" amachititsa ena kuyembekezera satifiketi, chakudya chamasana ndi alawansi, popeza ndi mmene maphunziro ambiri a mabungwe amayendera. Mawu akuti "chikondwerero" amakumbutsa magule ndi zokuzira mawu. Mawu akuti "chipatala cha makompyuta" ndi okoma, koma amaitana makina osweka galasi ndi opsa m'kati, amene odzipereka odziwa mapulogalamu okha sangawakonze. Munthu amene walipira minibasi kapena kabaza atanyamula kompyuta yolemera, n'kubwezedwa osathandizidwa, sadzabweranso ndipo adzauza anzake.

Dzina labwino limakhala lalifupi, lotheka kulinena pa wailesi kapena polengeza kutchalitchi ndi kumzikiti, ndipo limatchula thandizo mmalo motchula pulogalamu. Mayina monga "Tsiku Lothandizana pa Makompyuta" kapena "Bwerani ndi Kompyuta Yanu" amamveka kwa aliyense. Pansi pa dzinalo palembedwe chiganizo chimodzi chonena zimene zidzachitike ndi china chonena zimene sizidzachitika, mwachitsanzo kuti sipadzagawidwa makompyuta kapena ndalama, ndiponso kuti zida zowonongeka sizidzakonzedwa. Ngati tsikulo lizichitika mobwereza, dzina lisamasinthidwe. Chosintha chikhale deti ndi malo.

Njira yosavuta yoyesera dzina ndi kuliwerengera anthu angapo a pamsika amene sakudziwa za dongosololi, n'kuwafunsa chimene akuganiza kuti chidzachitike. Mayankho awo akasiyana ndi cholinga cha okonza, dzinalo lisinthidwe zikalata zisanasindikizidwe. Okonza akumbukirenso kuti mayina monga Linux, Ubuntu ndi Firefox ali ndi eni ake mwalamulo. Kuwatchula pofotokoza zimene zidzachitike n'kololedwa, koma chikalata chisaoneke ngati eni mayinawo, kapena ofesi ya boma imene sinavomereze, ndiwo akonza tsikulo.

Kusankha tsiku ndi malo

Masiku a m'mayiko ena sayenera kutsatidwa mwachimbulimbuli. Loweruka lachinayi la Epulo, limene limayenera anthu a ku Latin America, kuno limagwa alimi ambiri ali kalikiliki kukolola ndi kukonzekera misika ya mbewu. Loweruka lachitatu la Seputembala limagwa m'chilimwe, misewu ili youma ndipo ntchito ya kumunda isanachuluke, choncho gulu lofuna kuchita nawo Software Freedom Day silingavutike. Nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ili ndi mavuto awiri: anthu amakhala kumunda, ndipo kompyuta yonyamulidwa panjinga mvula ikugwa imafika itanyowa. Tsiku la msika limasonkhanitsa anthu ambiri pamalo amodzi, koma amalonda eni ake sangasiye malonda awo. Ngati ofunika kuthandizidwa ndi amalonda, ndi bwino kuwafunsa okha tsiku limene angamasuke.

Malo akhale odziwika, ofikirika wapansi, okhala ndi matebulo olimba, masoketi okwanira ndi chitseko chokhoma. Kalasi ya sukulu, holo ya mpingo, laibulale kapena ofesi ya kopaletivu ndi malo oyenera. Chilolezo cha eni malo chitengedwe polemba, ndipo amfumu ndi atsogoleri ena a m'deralo adziwitsidwe nthawi ikadalipo, monga mwa mwambo wa msonkhano uliwonse.

Magetsi ndiwo ofunika kuwaganizira kwambiri. Akazima pulogalamu yoyendetsa kompyuta ili mkati moikidwa, makinawo amatsala opanda yakale ndiponso opanda yatsopano, ndipo ntchito imayambiranso. Laputopu yodzaza batire imapirira, koma kompyuta ya patebulo imazima nthawi yomweyo. Okonza apeze jenereta kapena magetsi a dzuwa okhala ndi mabatire, ndipo awayese tsikulo lisanafike.

Intaneti isadaliridwe pa tsikulo. Fayilo yoikira Ubuntu kapena Linux Mint imalemera magigabayiti angapo, ndipo kuitsitsa pa kompyuta iliyonse kungathe mabandulo ambiri ndi maola ambiri. Itsitsidwe kamodzi kuchokera pa tsamba lenileni la eni ake, itsimikizidwe kuti yafika yathunthu, kenako ikoperedwe pa mafulashi okwanira athandizi onse. Gulu ligwirizane pa mtundu umodzi kapena iwiri ya Linux, kuti anthu a m'dera limodzi azitha kufunsana pambuyo pake. Ndi bwino kusankha mtundu wothandizidwa nthawi yaitali. Mwachitsanzo, Ubuntu imatulutsa mtundu wotero mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo umalandira zokonza zachitetezo kwa zaka 5. Nambala yake imasonyeza chaka ndi mwezi, moti 24.04 ndi wa Epulo 2024. Pa makompyuta akale kwambiri pali mitundu yopepuka monga Lubuntu ndi Xubuntu.

Anthu ndi ntchito zawo

Mutu umodzi susenza denga, ndipo tsikuli limafuna anthu a maluso osiyana. Pakhomo pakhale wolandira alendo wolemba dzina la mwini kompyuta, mtundu wa makinawo ndi vuto lake, n'kumata nambala pa kompyuta ndi pa chaja chake kuti katundu asasokonekere. Ntchito imeneyi sifuna katswiri. Imafuna munthu waulemu ndi wodekha. Pakhalenso mmodzi wodziwa kwambiri amene athandizi ena angamuitane zikawakanika, ndi wina woyang'anira chitetezo cha katundu.

Chiwerengero cha oitanidwa chigwirizane ndi cha athandizi. Ngati kompyuta imodzi ipatsidwa maola awiri, kuphatikizapo kukopera mafayilo ndi kuphunzitsa mwiniwake, ndiye kuti athandizi 5 ogwira ntchito maola 6 angathandize makompyuta 15. Kuitana anthu 60 pa athandizi omwewo ndi kulonjeza zosatheka. Kulembetsa mayina pasadakhale kudzera kwa mlembi wa gulu kumathandiza kuti aliyense adziwe nthawi yake.

Athandizi alankhule chinenero cha obwerawo ndipo apewe mawu aukatswiri osafunika. Mwini kompyuta akhale pampando wa kutsogolo n'kumadina yekha pomwe n'kotheka, mthandizi ali pambali, chifukwa mawa adzakhala yekha ndi makinawo. Okonza aonetsetsenso kuti amayi, achikulire ndi anthu aulumali akulandiridwa mofanana ndi achinyamata odziwa kale zambiri, amene kawirikawiri ndiwo amathamangira kutsogolo.

Kuteteza zolemba ndi zinsinsi za anthu

Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu. Kuika pulogalamu yatsopano yoyendetsa kompyuta kukhoza kufufuta zonse zimene zili m'makinamo, ndipo zofufutika motere kawirikawiri sizibwezeka. Kopaletivu ikataya kaundula wa matumba a mamembala, kapena wamalonda akataya mndandanda wa omwe ali naye ngongole, pamabuka mikangano imene kompyuta yatsopano singaithetse. Choncho lamulo loyamba la tsikuli ndi lakuti palibe chosinthidwa mafayilo asanakoperedwe pa fulashi kapena pa diski yapadera, ndipo mwiniwake atsegule yekha mafayilo okoperedwawo kuti aone kuti alipodi.

Chachiwiri ndi kufunsa ntchito imene kompyutayo imagwira. Mapulogalamu ena owerengetsera ndalama ndi ena oyendetsa makina osindikizira amagwira pa Windows pokha. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, koma nthawi zina maonekedwe a tsamba amasintha pang'ono. Mwamwayi, mitundu yambiri ya Linux imatha kuyatsidwa kuchokera pa fulashi popanda kukhudza zimene zili m'kompyuta. Njira imeneyi igwiritsidwe ntchito poyesa Wi-Fi, mawu, makina osindikizira ndi mafayilo ofunika. Zikapezeka kuti ntchito ya munthuyo idzavuta, auzidwe zoona ndipo kompyuta yake isiyidwe momwe ilili. Akhoza kuikiridwa LibreOffice, Firefox kapena VLC pa Windows yake yomweyo, popeza mapulogalamuwa amagwiranso pamenepo. Munthu wotere wathandizidwa mokwanira ngakhale sanasinthe kupita ku Linux.

Chachitatu ndi chilolezo. Pakhale kapepala kachidule ka m'Chichewa kofotokoza chimene chichitidwe pa kompyutayo ndi ngozi yake. Kawerengedwe mokweza kwa amene savutika kumva koma amavutika kuwerenga, ndipo mwini kompyuta asayine. Ngati kompyutayo ndi ya gulu, sukulu kapena ofesi, wobwera nayo asonyeze kuti eni ake avomereza.

Chachinayi ndi chinsinsi. Mthandizi asatsegule zithunzi, makalata kapena mauthenga a munthu, ndipo asasunge mafayilo a wina pa fulashi yake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'zosungidwa za pa kompyuta ya wina popanda chilolezo. Pasiwedi yatsopano ailembe mwiniwake, mthandizi atayang'ana kumbali. Palibe ntchito iliyonse ya tsikuli imene imafuna nambala yachinsinsi ya Airtel Money, TNM Mpamba kapena ya kubanki, ndipo aliyense woifunsa akanenedwe kwa okonza nthawi yomweyo.

Zoyenera kuchita amene mwaitanidwa

Musananyamuke, werengani bwino chikalata kuti mudziwe ngati vuto lanu lili m'gulu la zimene zidzathandizidwe. Koperani mafayilo anu ofunika muli kunyumba, ndipo fulashi imodzi muisiye komweko. Tengani chaja ndi zingwe zonse, ndipo laputopu ikhale yodzaza moto. Lembani papepala ntchito zimene mumagwira pa kompyutayo tsiku ndi tsiku ndi mapulogalamu amene mumagwiritsa ntchito. Musasiye kompyuta yanu n'kupita kukagula zinthu kumsika; khalani pomwepo, penyani ndi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Muli ndi ufulu wokana kusintha kulikonse kumene simunakumvetse. Musachoke musanayese nokha kuyatsa ndi kuzimitsa makinawo, kutsegula mafayilo anu, kulemba kalata ndi kulumikiza intaneti.

Pambuyo pa tsikulo

Mafunso ambiri amabwera patapita masiku angapo, munthu akayamba kugwira ntchito yekha. Tsiku lothandizana lopanda njira yobwererera limasiya anthu ndi makina achilendo popanda wowayankha. Aliyense achoke ndi kapepala kosonyeza mtundu wa pulogalamu imene waikiridwa, mmene angalandirire zokonza zachitetezo, ndi kumene angafunse zikamuvuta. Deti la kukumana kotsatira lilengezedwe tsiku lomwelo. Kukumana kwa maola awiri mwezi uliwonse, pamalo omwewo ndi pa dzina lomwelo, kumapindulitsa kuposa msonkhano waukulu wa kamodzi pachaka.

Okonza akhale pansi n'kulemba chiwerengero cha makompyuta amene anabwera, mavuto amene anachuluka, ndi anthu amene anabwezedwa pamodzi ndi zifukwa zake. Ngati ambiri anabwera ndi zinthu zimene sizinali m'dongosolo, chikalata kapena dzina likonzedwe. Mapepala a mayina ndi manambala a foni asungidwe pokhoma ndipo asaperekedwe kwa otsatsa malonda. Pomaliza, pakati pa amene anathandizidwa pasankhidwe awiri kapena atatu amene anaonetsa chidwi, makamaka alembi a makopaletivu ndi aphunzitsi, kuti pa kukumana kotsatira adzakhale pambali pa athandizi n'kuyamba kuphunzira ntchitoyi.